Maphunziro a madokotala a mapapo ndi odwala mwakayakaya achoke kuhotela, abwerere kuwodi

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa nkhani imene imakhudza aliyense amene tsiku lina adzagonekedwe m'chipatala akubanika. Nkhaniyi ndi ya mmene madokotala, ma clinical officer ndi anamwino osamalira matenda a m'mapapo ndi odwala mwakayakaya amapitirizira kuphunzira akachoka kusukulu. Ife tikulemba ngati anthu ogwira ntchito imeneyi kuno ku Lilongwe, ndipo pempho lathu ndi limodzi. Maphunzirowa azichitikira pambali pa bedi la wodwala, azibwerezedwa pafupipafupi, ndipo mapointi a CPD (maphunziro opitiriza a anthu amene ali kale pa ntchito) amene bungwe la Medical Council of Malawi limafuna munthu akamakonzanso chiphaso chake aziperekedwa poona zimene manja ake akutha kuchita.

Lamulo la CPD palokha n'labwino. Chomwe chatipeza ndi njira yopezera mapointiwo. Anthu amaitanidwa masiku atatu ku Mponela kapena ku Salima, nakhala m'holo moyang'ana pulojekita kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nasaina pepala, nalandira alawansi, nabwerako ndi satifiketi. Sitikunyoza alawansiyo, pakuti tonse tikudziwa mmene malipiro alili. Koma kalata yoitana nthawi zambiri imagwera wamkulu wa dipatimenti, pomwe amene amakumana ndi wodwala wa phuma nthawi ya 2 koloko usiku ndi intern (dokotala wongomaliza kumene sukulu), clinical officer ndi namwino wa night, omwe anatsala kuti wodi isakhale yokha. Komanso palibe amene anaphunzira kupalasa njinga poyang'ana chithunzi cha njinga pakhoma. Kuika chubu pammero, kutchera makina opumira ndi kupopa madzi m'chifuwa ndi ntchito za manja, ndipo manja amaiwala pakangopita miyezi yochepa osazichita.

Pali chifukwa chimene nthambi yathu ikusowera maphunziro otere kuposa zina. Zimene zimalembedwa m'mabuku a kunja si zonse zimene zimapulumutsa anthu kuno, ndipo zina zimapha kumene. Mu 2011 kafukufuku wa FEAST, wochitikira ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anapeza kuti kuthira madzi ambiri mwachangu mumtsempha wa mwana wotentha thupi kwambiri kunachulukitsa imfa. Mu 2017 zotsatira zofanana zinatuluka ku Lusaka pa anthu akuluakulu odwala sepsis (matenda a tizilombo akafika poononga ziwalo za thupi) amene BP inali itatsika. Mwa amene anapatsidwa madzi ochuluka motsata ndondomeko yotengedwa kunja, 48 pa 100 aliwonse anamwalira, pomwe mwa amene anasamalidwa mwa nthawi zonse anamwalira 33. Odwalawo ambiri anali ndi HIV, ena TB, magazi ochepa ndi thupi loonda, ndipo madziwo atadzaza m'mapapo panalibe makina okwanira owapumitsa. Anthu otere ndi omwe adzaza mawodi athu. Dokotala amene anaphunzira kuti wodwala sepsis amathiridwa malita angapo nthawi imodzi, ndipo palibe anamuuza kuti zinthu zinasintha, adzapitiriza kutero ndi mtima woyera. Choyenera ndi kuthira mamililita 250 mpaka 500, n'kubwereranso kukamvetsera m'chifuwa, kuwerenga mapumidwe ndi kuyeza BP usanawonjezere, kupereka ma antibiotic mkati mwa ola loyamba, ndipo BP ikakana kukwera, kuyamba mankhwala okweza BP a adrenaline kapena noradrenaline m'malo mopachika dilipu ina.

Chitsanzo chachitatu n'chapakhomo pathu pomwe. Makina a bubble CPAP, othandiza mwana kupuma pomukankhira mpweya kudzera m'mphuno, otchedwa Pumani, amene anakonzedwa mogwirizana ndi madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, athandiza kwambiri ana obadwa masiku osakwana. Koma kafukufuku wa pachipatala cha boma cha Salima, wofalitsidwa mu 2019, atayesa bubble CPAP pa ana odwala chibayo chachikulu m'wodi yopanda dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku, anapeza kuti ana 17 pa 100 aliwonse oikidwa pa CPAP anamwalira, pomwe mwa ongopatsidwa okosijeni wapamphuno anamwalira 11. Kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe. Aliyense wogula makina kapena wolandira mphatso ya makina ayenera kudziwa ziwerengero zimenezi asanasaine kalata yothokoza.

Tsono maphunzirowa ayambire pati? Ambiri akamva za odwala mwakayakaya amaganiza za ICU, wodi ya odwala mwakayakaya, ya ku Kamuzu Central, Queens, Zomba kapena Mzuzu. Mabedi a kumeneko ndi owerengeka, ndipo odwala mwakayakaya ambiri sali kumeneko. Kafukufuku wamkulu wa m'zipatala za m'mayiko 22 a mu Africa, wotuluka mu 2025, anapeza kuti wodwala mmodzi mwa 8 aliwonse ogonekedwa amakhala ali mwakayakaya, kuti pafupifupi 7 mwa 10 a iwowa amakhala m'mawodi wamba, ndiponso kuti mmodzi mwa 5 amamwalira sabata isanathe. Choncho phunziro loyamba si la ventilator, makina opumira aja, ayi. Ndi la kuzindikira msanga kuti munthu akupita, ndi kumupatsa okosijeni moyenera.

Tikhalitsepo pa okosijeni, chifukwa apa ndi pamene timataya anthu mwakachetechete. Tonse tikukumbukira Januwale 2021, pamene dziko linalengezedwa kuti lili pangozi chifukwa cha COVID-19, bwalo la Bingu National Stadium n'kusanduka chipatala, abale akuthamanga ndi masilinda m'galimoto. Kuchokera pamenepo makina ndi mapaipi awonjezeka, koma luso logwiritsa ntchito okosijeni silinakule mofanana. Timapaipi tapamphuno timapereka lita 1 mpaka 5 pa mphindi. Masiki wamba amafuna malita 5 mpaka 10, ndipo mukautsitsa pansi pa 5, wodwala amangopumanso mpweya woipa umene watulutsa. Masiki wa kathumba amafuna malita 10 mpaka 15, ndipo kathumbako kayenera kudzaza musanamuveke munthu, kasamafwefwentherenso akamakoka mpweya. Apa pali cholakwa chofala kwambiri: kulumikiza masiki wa kathumba ku konsentireta (makina osefa okosijeni kuchokera mumpweya wa m'chipinda) ya malita 5. Wodwala amaoneka ngati walandira chithandizo chapamwamba, abale amakhazikika mtima, chonsecho akulandira zochepa kuposa zimene akanapeza pa timapaipi tapamphuno. Mlingo wa okosijeni m'magazi wofuna kuufikira kwa anthu ambiri ndi 94 kupita m'mwamba pa nthawi ya ngozi, osatsika pansi pa 90, koma kwa munthu wa COPD, nthenda yokhalitsa yothinitsa njira za mpweya, ndi 88 mpaka 92, chifukwa okosijeni wochuluka amamuunjikira mpweya woipa m'magazi mpaka kuyamba kusinza. Kutsitsa nakonso ndi luso. Wodwala amene wakhazikika pa 98 kwa tsiku lathunthu akudya okosijeni wa mnzake wa pabedi lotsatira, ndipo namwino ayenera kukhala ndi chilolezo cholembedwa chotsitsa lita imodzi n'kuyezanso pakatha mphindi 15, osadikira dokotala wa mawa.

Masamu a silinda aliyense aziwadziwa pamtima. Silinda yaikulu ija, yofika pachifuwa cha munthu, imanyamula malita pafupifupi 6,800. Pa malita 15 pa mphindi imatha m'maola 7 ndi theka, ndipo pa malita 10 imangodutsa pang'ono maola 11. Geji ikakhala pakati, gawani ziwerengerozo pawiri. Namwino amene akulandira ntchito 5 koloko madzulo, wodwala ali pa malita 15 geji ili pakati, ayenera kudziwa pompo kuti silindayo sifika 9 koloko usiku, n'kuitanitsa ina wosunga makiyi asanaweruke. Zimenezi siziphunzitsidwa kuhotela chifukwa zimaoneka zazing'ono. Zazing'ono zina n'izi: botolo la madzi onyowetsa mpweya likapanda kumangidwa bwino, okosijeni amathawira pachivindikiro, kampira ka flowmeter, koyezera malita, kakuonetsabe malita 5. Njira yodziwira ndi yapafupi. Vulani timapaipito pamphuno pa wodwala, muviike nsonga zake m'kapu ya madzi, muone ngati patuluke thovu. Mafuta kapena girizi zisakhudze regulator, chifukwa zimayaka. Konsentireta imafuna kuti kasefa ka kumbuyo kazichapidwa sabata iliyonse, ndipo m'nyengo ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala kuno ku Lilongwe, kawirikawiri kuposa pamenepo. Makina olira bwinobwino akhoza kumatulutsa mpweya wongofanana ndi wa m'chipinda, ndiye pafunika kachipangizo koyezera, ndipo okosijeni wake akatsika pansi pa 82 pa 100 konsentiretayo ichotsedwe m'wodi. N'chifukwa chake amisiri a PAM, okonza zipangizo za chipatala, ayenera kukhala nawo pa maphunzirowa, osati kuitanidwa zinthu zitafa kale.

Kachipangizo kapachala, pulse oximeter, kali ndi mabodza ake amene munthu ayenera kuwadziwa. Chala chozizira, penti wa zikhadabo, kunjenjemera ndi BP yotsika zimasokoneza nambala, ndiye muyambe mwaona ngati kugunda kumene kakuwerenga kukufanana ndi kumene mukumva padzanja. Mu 2020 ofufuza a ku Michigan anaonetsa kuti pa anthu a khungu lakuda kachipangizoka kamabisa kuchepa kwa okosijeni pafupifupi katatu kuposa pa azungu. Kwa ife tanthauzo lake n'lakuti 92 pa munthu wopuma ka 35 pa mphindi si nambala yoti ukagone nayo tulo. Mayi wa magazi ochepa kwambiri, Hb ya 4, akhoza kuonetsa 98 uku thupi likufa ndi njala ya mpweya, ndipo mankhwala ake ndi magazi. Mu Juni ndi Julayi, banja likagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka n'kubwera ndi mutu, kusanza ndi kukomoka, kachipangizoka kamaonetsa nambala yabwino pomwe magazi adzaza carbon monoxide. Oterewa amafunika malita 15 pa masiki wa kathumba, posatengera zimene kachipangizo kakunena.

Tibwere ku ventilator. M'zipatala zathu zazikulu, ntchito ya mu ICU yagona kwambiri pa ma clinical officer a anaesthesia ndi anamwino, ndipo makina alipo a mitundu yosiyanasiyana malinga ndi amene anapereka, aliyense ndi mabatani ake. Phunziro la pa pulojekita la makina a mtundu wina silithandiza munthu amene usiku adzakumana ndi mtundu winanso. Ziphunzitsidwire pa makina omwewo a m'chipindamo, polumikiza kathumba koyeserera m'malo mwa wodwala.

Cholakwa chachikulu pa makinawa ndi kupopera mpweya wochuluka. Kuyambira mu 2000, pamene kafukufuku wa ku America anatsitsa imfa kuchoka pa 40 kufika pa 31 pa 100 pongochepetsa mpweya wa mpumo uliwonse, tikudziwa kuti mapapo odwala amafuna mamililita 6 pa kilogalamu iliyonse. Koma kilogalamuyo si ya pasikelo. Mapapo amakula motsata msinkhu, osati kunenepa. Mumayeza kutalika kwa munthu, kuchotsapo masentimita 152.4, kuchulukitsa ndi 0.91, kenaka kuphatikiza 50 ngati ndi mwamuna kapena 45.5 ngati ndi mkazi. Mayi wa masentimita 160 amatuluka makilogalamu 52, kaya pasikelo amalemera 90, ndipo mpweya wake ndi mamililita pafupifupi 315. Makina ambiri akayatsidwa amayambira pa 500 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo wotanganidwa amangowasiya choncho. Kwa mayiyu 500 ndi pafupifupi mamililita 10 pa kilogalamu, ndipo mpumo uliwonse ukung'amba timatumba ta m'mapapo mwake. Tepi ya telala ndi tchati chomata pa makina aliwonse zikhoza kuthetsa vutoli m'sabata imodzi. Plateau pressure, mphamvu imene mpweya ukukankhira m'mapapo, isadutse 30. Mphamvu ya mpweya m'kabaluni ka chubu cha pammero ikhale pakati pa 20 ndi 30, chifukwa kakafewa malovu amatsikira m'mapapo, kakalimba kamaola kholingo, ndipo kutsina ndi zala si muyeso. Mutu wa bedi ukwere madigiri 30 mpaka 45, m'kamwa muzitsukidwa, ndipo m'mawa uliwonse mankhwala ogonetsa achepetsedwe kuti muone ngati munthu angayambe kupuma yekha. Tsiku lililonse lowonjezera pa makina limaonjezera chiopsezo cha chibayo chatsopano, komanso limatsekereza wina amene akudikira bedi ku theatre kapena ku casualty.

Chimene chiyenera kuyesereredwa mpaka chilowe m'magazi ndi zochita alamu ikalira, nambala ya okosijeni ikutsika. Ambiri amathamangira kusintha mabatani. Choyamba ndi kumuchotsa wodwala pa makina n'kumupopa ndi ambu bag, thumba lopopera mpweya ndi manja, yolumikizidwa ku okosijeni. Akakhala bwino, vuto lili m'makina kapena m'mapaipi. Akapanda kusintha, vuto lili mwa iye kapena m'chubu, ndipo pali zinthu zitatu zoyang'ana mofulumira. Kodi chubu chasuntha? Nambala ya pachubu yoonekera pamano imakhala pafupifupi 21 kwa mkazi ndi 23 kwa mwamuna, ndipo chikalowa kwambiri chimapita kuphapo la kumanja lokha. Kodi chatsekeka ndi makhololo? Kapaipi koyamwira kakakana kudutsa, yankho mwalipeza. Kodi phapo laboola mpweya n'kudzaza m'chifuwa? Mbali imodzi siyenda, BP ikugwa, ndipo pamenepo singano ilowe osadikira X-ray. Munthu wa mphumu ali pa makina ali ndi msampha wakewake: mpweya umalowa koma sutuluka wonse, umaunjikana mpaka kufinya mtima. Kumuchotsa pa makina masekondi ochepa kuti chifuwa chiphwe, kenaka kuchepetsa mapumidwe pa mphindi, kumabweza BP. Wodi iliyonse idziwenso kuti batire la makina ake limatha mphindi zingati magetsi akazima jenereta isanadzuke, ndipo izi zimadziwika poyesa masana, osati powerenga kabuku ka kampani.

Kugoneka wodwala chafufumimba maola 16 pa tsiku, kumene kafukufuku wa ku France ndi Spain anaonetsa mu 2013 kuti kumapulumutsa anthu a ARDS yoopsa (mapapo onse akatupa mwadzidzidzi n'kulephera kulowetsa okosijeni), sikufuna ndalama. Kumafuna anthu asanu odziwa aliyense pogwira, mmodzi atagwira mutu ndi chubu n'kumalamula. Gulu limene silinayesererepo pa mnzawo wamoyo lidzazula chubu tsiku loyamba. Ndipo pozindikira ARDS sitiyeneranso kudandaula kuti tilibe makina a blood gas oyezera mpweya wa m'magazi. Anzathu a ku Kigali anaonetsa mu 2016 kuti pulse oximeter ndi ultrasound kapena X-ray n'zokwanira, ndipo njira yawoyo inalandiridwa m'tanthauzo latsopano la dziko lonse mu 2023. Ultrasound ya m'mapapo ndi luso limene dokotala ndi clinical officer aliyense wa m'wodi ya akuluakulu angaphunzire, pokhapokha zithunzi zake zoyamba zizionedwa ndi wodziwa, chifukwa wophunzira yekha amaona madzi pomwe pali chiwindi.

Za kukiliniki ya mapapo titchulepo zochepa, ngakhale n'zambiri. Munthu amene anamaliza mankhwala a TB miyezi 6 n'kulembedwa kuti wachira, amabwereranso akutsokomola ndi kubanika. Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2020 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu omaliza mankhwala amakhala ndi mapapo osagwira bwino akayezedwa ndi spirometry, muyeso wa mpweya umene munthu amatha kuuzira. GeneXpert, makina oyezera TB, imawerenga ndi tizilombo takufa tomwe, choncho ikhoza kusonyeza TB kwa miyezi yambiri munthu atachira. Wosadziwa zimenezi amamuyambitsanso mankhwala, mwina kachitatu, pomwe vuto ndi zipsera, njira za mpweya zofutukuka, kapena fangasi yomera m'bowo limene TB inasiya. Mphumu nayo ikusamalidwabe mwachikale m'malo ambiri, ndi mapiritsi a salbutamol ndi jakisoni wa aminophylline, pomwe kuyambira mu 2019 malangizo a GINA, bungwe la dziko lonse loona za mphumu, amati munthu asamadalire salbutamol yekha popanda mankhwala opopera a steroid monga beclomethasone. Wopereka mankhwalawa ayenera kutha kuonetsa yekha kapoperedwe: kukhutchumula, kupopera kamodzi kokha m'botolo la pulasitiki la mamililita 500 loboola kumatako, kupuma kanayi kapena kasanu, kenaka kubwereza, n'kuchukucha m'kamwa pomaliza. Ayeneranso kudziwa poyankha mayi amene anamva kumudzi kuti ukayamba kupopera sudzasiya. Spirometry, kumene makina alipo, imanamiza ngati woyeza sanaphunzire bwino. Makina ayesedwe ndi sirinji ya malita 3, wodwala auzire kosachepera katatu movomerezeka, ndipo miyeso iwiri yapamwamba isasiyane kupitirira mamililita 150. Popopa madzi m'chifuwa, singano idutse pamwamba pa nthiti, chifukwa mitsempha imayenda kunsi kwake, ndipo musachotse kupitirira lita imodzi ndi theka nthawi imodzi. Botolo la chest drain, paipi yotulutsa madzi kapena mpweya m'chifuwa, likhale pansi nthawi zonse. Timadziwa mmene wodikirira wodwala wamtima wabwino amalinyamulira n'kuliika pabedi popita ku X-ray, madzi onse n'kubwerera m'chifuwa, ndiye wodikirirayo naye auzidwe.

Kodi zonsezi zingakonzedwe bwanji popanda kudikira thumba la ndalama la kunja? Sitikusowa chitsanzo. ETAT, njira yosankhira ndi kuthandiza msanga ana odwala kwambiri imene WHO inafalitsa m'mayiko ambiri, inakulira kuno ku Malawi, ku Queens, ndipo mphamvu yake inali yoti anthu ankaphunzirira pamalo pawo pa ntchito, ndi zipangizo zawo, namwino ndi dokotala limodzi. Za akuluakulu zitsate njira yomweyo. Wodi iliyonse ikhale ndi mphindi 30 pa sabata, tsiku lodziwika, nthawi yosinthana ntchito kuti a night ndi a masana apezekepo onse. Mutu ukhale umodzi, wogwirika ndi manja. Kamodzi pa mwezi pakhale kuyeserera kwadzidzidzi m'wodi momwemo, chidole chili pabedi, wina ataimirira ndi wotchi kuwerenga kuti okosijeni wafika pakatha mphindi zingati. Kuyeserera kotere kumavumbula zimene holo singaonetse: kuti ambu bag ili m'kabati yokhoma, kuti batire la laryngoscope, tochi yoonera pammero poika chubu, linatha, kuti makina oyamwira makhololo alibe paipi. Phunziro lofunika libwerezedwe miyezi itatu iliyonse, chifukwa ma intern amasinthana mawodi ndipo anamwino amasamutsidwa. Pa kusamutsaku tikupempha akuluakulu a zipatala aganizirepo. Namwino amatenga chaka kapena kupitirira kuti azolowere ICU, ndipo kumuchotsa kukamuika ku OPD chifukwa nthawi yosinthana yakwana ndi kutaya maphunziro onse amene anawapeza.

Msonkhano wounika imfa ndiwo sukulu yotchipa kuposa zonse, ukakhala kuti si bwalo la milandu. Pamene wachinyamata akudziwa kuti akanena zoona adzanyozedwa pamaso pa anzake, fayilo imakonzedwa msonkhano usanayambe, ndipo palibe amene amaphunzirapo kanthu. Mafunso akhale omwewo nthawi zonse: zizindikiro zinayamba kusintha nthawi yanji, anaona ndani, anaitana ndani, anabwera nthawi yanji, chinasowa n'chiyani. Pomaliza patuluke chinthu chimodzi chosintha, dzina la wochisintha ndi tsiku.

Zipatala za m'maboma a Dedza, Ntcheu, Mchinji, Dowa, Ntchisi, Kasungu, Salima ndi Nkhotakota, pamodzi ndi za mishoni monga Nkhoma, zimatumiza odwala ku Lilongwe, ndipo ambiri amaipira panjira. Ola limodzi pa sabata pa Zoom kapena WhatsApp, clinical officer wa kuboma akufotokoza wodwala wake weniweni popanda kutchula dzina, katswiri wa ku central akuyankha, limafuna bandulo yokha. Katswiriyo azipitanso yekha kubomako miyezi ingapo iliyonse, kukayenda nawo m'wodi. Ndalama ya workshop imodzi ya kunyanja ikhoza kulipira mafuta a maulendo otere ambirimbiri. Phunziro loyamba la kumeneko likhale la kusamutsa wodwala: kuwerengera okosijeni wa ulendo wonse n'kuwirikiza kawiri, kuimbira foni kolandira musananyamuke, ndi kuonetsetsa kuti wokhala kumbuyo kwa ambulansi ndi munthu wotha kupopa ambu bag.

Akatswiri enieni a mapapo ndi a ICU tikuwafunabe, ndipo ndi ochepa kwambiri. Yunivesite ya za umoyo ya KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, pamodzi ndi makoleji a m'chigawo chino monga ECSACOP ya madokotala a matenda a akuluakulu ndi CANECSA ya a anaesthesia, akutsegula njira yoti munthu aphunzire ukatswiri osachoka m'dziko. Pan African Thoracic Society nayo imaphunzitsa za mapapo ndi kafukufuku. Koma katswiri akabwera, Unduna wa Zaumoyo umulembere nthawi yophunzitsa m'ndondomeko yake ya ntchito, osati aziba mphindi pakati pa kiliniki ndi ma call. Mu Meyi 2023 mayiko a mu WHO anagwirizana mfundo ziwiri, ina ya okosijeni, ina ya chisamaliro cha odwala mwadzidzidzi, mwakayakaya ndi ofunika opaleshoni. Mndandanda wa Essential Emergency and Critical Care, wa ntchito 40 zofunika m'chipatala chilichonse, ulipo kale kuyambira mu 2021. Silabasi sitikuchita kuyamba kulemba kuchokera pachiyambi. Makampani a mankhwala ndi a makina akafuna kulipirira phunziro, alandiridwe, koma zinenedwe poyera ndipo asasankhe okha mutu kapena mphunzitsi.

Kwa a Medical Council ndi a Nurses and Midwives Council, pempho lathu ndi lakuti gawo lina la mapointi a aliyense wogwira ntchito ku casualty, m'mawodi a akuluakulu, ku HDU (wodi ya odwalika kwambiri koma osafika pa ICU) ndi ku ICU lizichokera m'kabuku ka luso. M'kabukumo mulembedwe ntchito zowerengeka, monga kusankha chipangizo choyenera cha okosijeni, kuwerengera nthawi ya silinda, kupopa ndi ambu bag, kutchera ventilator potengera kutalika kwa wodwala ndi kusamalira chest drain, ndipo wosaina akhale munthu wovomerezeka amene waona ndi maso ake ntchitoyo ikuchitika. Phunziro la mphindi 30 la m'wodi ndi msonkhano wounika imfa ziziwerengedwa mapointi mofanana ndi tsiku la kuhotela. Kuti tidziwe ngati zikuthandiza, wodi iliyonse izilemba zinthu zitatu mwezi ndi mwezi: odwala angati anayezedwa okosijeni pofika, angati mwa opezeka pansi pa 90 anali pa okosijeni mkati mwa mphindi 30, ndi angati a pa ventilator analembedwa kutalika kwawo pa tchati. Zingayambire m'chipatala chimodzi chachikulu ndi ziwiri za m'maboma kwa chaka chimodzi, ziwerengerozo n'kuperekedwa ku makhonsolo onse awiri asanaganize zofalitsa dziko lonse.

Ndife,
Madokotala, ma clinical officer ndi anamwino ena osamalira odwala mwakayakaya,
Lilongwe